Za Luka ndi zosankha za matimu a ku Dallas

Achimwene, mwafunsa ngati Dallas Mavericks, timu ya basketball ya mu ligi ya NBA ku America, inachita mwanzeru kupereka Luka Dončić ku timu ya Los Angeles Lakers nthawi yosinthana osewera itatsala pang'ono kutsekedwa mu February 2025. Ine ndikuti ayi ndithu. Kumbukirani kuti mu NBA matimu amasinthana osewera, sagulana ngati mu mpira wamiyendo. Lakers inatenga Luka, mnyamata wa zaka 25 amene mu 2024 anafikitsa Mavericks mu fainolo, ndipo Dallas inalandira Anthony Davis, Max Christie ndi mwayi umodzi wosankha wosewera watsopano pa drafti (pamene matimu amasankha osewera achinyamata motsatizana) ya 2029. Davis ndi katswiri, palibe akukana, koma anali ndi zaka 31 ndipo sachedwa kuvulala. Pa masewero ake oyamba enieniwo anatuluka atapweteka! Zoti pambuyo pake Mavericks inapeza wosewera wachinyamata Cooper Flagg pa drafti ya 2025 unali mwayi wa maere chabe, osati nzeru za Nico Harrison, bwana amene ankayendetsa timuyi, yemwe anachotsedwa ntchito mu November 2025.

Zimene mwafunsa za osewera amene Dallas Cowboys, timu ya mpira wa ku America (NFL), inatenga mu 2025 n'zosavuta. Woteteza Zack Martin atasiya kusewera, panafunika wina woteteza Dak Prescott, yemwe ndi woponya mpira (quarterback), n'chifukwa chake Cowboys inasankha Tyler Booker pa nambala 12 pa drafti. Wothandizana ndi CeeDee Lamb powakha mpira anamupeza pambuyo pake, George Pickens wochokera ku Pittsburgh.