Galimoto yanga ya dizilo ikumwa mafuta ngati ya petulo, ndisinthe ma injector?

Ndalandira imelo sabata yatha kuchokera kwa owerenga ena, dzina sinditchula poti sanandiuze kuti nditero. Ndaidula pang'ono koma nkhani yake ndi iyi:

"Achimwene, ndinagula galimoto ya dizilo yakale ndithu, injini 2.0, ya 2014, yayenda makilomita 140,000. Ndisanagule ndinawerenga kuti imayenda makilomita 20 pa lita, koma ine ndikupeza 11 kapena 12 basi. Kuntchito ndi makilomita 6 kupita, 6 kubwerera, trafiki ndiye musanene. Singano ya temperecha sifika pakati, komanso nthawi zina ndikazimitsa injini fani imapitiriza kulira. Amakaniko akuti tisinthe ma injector onse anayi. Ndisinthe kapena ndingoigulitsa?"

Akulu, ma injector aja, tizipangizo topopera dizilo mu injini, asiyeni kaye. Mu imelo yanuyi mwayankha kale theka la funso lanu osadziwa, pa singano paja ndi pa fani paja. Koma tiyambe ndi 20 uja chifukwa ndi amene akukupwetekani mtima.

Nambala ya makilomita 20 pa lita palibe anaipeza pamsewu. Galimoto ya 2014 yopangidwira msika wa ku Ulaya inkayesedwa ndi mayeso otchedwa NEDC, amaiika pa ma roller mu labotale, mawilo nkumazungulira pamalo amodzi, ulendo wake wa makilomita 11 okha kwa mphindi pafupifupi 20, spidi yapakati 34 pa ola, AC yozimitsa, magetsi ozimitsa, palibe chitunda, palibe mphepo, palibe ana kumbuyo ndi katundu mu buti, ndipo kukweza spidi kwake kunali kwapang'onopang'ono moti munthu mutayendetsa choncho pamsewu anzanu akhoza kukuimbirani hutala mpaka kunyumba. Ngati ndi ya msika wa ku Japan ndiye inayesedwa ndi JC08, yomwe spidi yake yapamwamba inkangopitirira 80 pang'ono. Bungwe la ICCT, lofufuza za utsi ndi mafuta a magalimoto, linkafananitsa manambala a papepalawa ndi zomwe anthu ankapeza pamsewu, ndipo cha mma 2015 linapeza kuti magalimoto atsopano ku Ulaya ankamwa mafuta ochuluka ndi pafupifupi 40 peresenti kuposa zolembedwa. Nchifukwa chake kuyambira 2017 anabweretsa mayeso ena a WLTP, a mphindi 30 ndi makilomita 23, omwe ali pafupiko ndi zoona.

Ndiye tiwerengere limodzi. Makilomita 20 pa lita ndi chimodzimodzi malita 5 pa makilomita 100. Onjezerani 40 peresenti, mukupeza malita 7, kutanthauza makilomita 14 ndi kanthu pa lita. Galimoto yanuyo ili bwinobwino, pa ulendo wosakaniza tauni ndi msewu wautali, yembekezerani 14 kapena 15. Ndiye omwe mwataya si makilomita 8 pa lita ayi, ndi atatu. Akupwetekabe, inde, koma atatu timatha kuwasaka.

Chachiwiri, 11 kapena 12 ameneyu mwamupeza bwanji? Ngati mukuwerenga pa dashibodi, kakompyuta kaja kamangoyerekeza, ndipo nthawi zambiri kamakukometserani. Ngati mumathira malita ochepa ochepa nkumayang'ana singano ya mafuta ndiye zinthu zavuta kwambiri, thanki siili ngati ndowa, mawonekedwe ake ndi okhotakhota, theka la singano si theka la mafuta. Njira yake ndi imodzi basi: dzadzani fulu thanki mpaka pampu idule yokha, ikani trip pa ziro, yendani mmene mumayendera masiku onse, kenako dzadzaninso mpaka idule, makamaka pa pampu yomweyo. Makilomita gawani ndi malita omwe alowa. Mwayenda 520, alowa malita 45, ndiye kuti 11.6. Chitani katatu. Ndipo kamodzi kakhale ka ulendo wautali pa spidi ya 90 kapena 100, chifukwa nambala imeneyo ndi imene itiuze zoona. Ikakupatsani 16 kapena 17 pa ulendo wautali, injini yanu ilibe mlandu, ma injector alibe mlandu, vuto ndi makilomita 6 aja.

Pamenepa ndi pomwe anthu ambiri ogula dizilo amagwa mphwayi. Injini ya dizilo imasunga mafuta pa zifukwa zenizeni, lita ya dizilo ili ndi mphamvu yochulukirapo kuposa ya petulo ndi 10 peresenti kapena kuposerapo pang'ono, komanso imapanikiza mpweya kwambiri, mwina 16 kwa 1 pomwe ya petulo ili cha mma 10 kwa 1. Koma poti siitaya mphamvu yambiri ngati kutentha, imachedwanso kufunda. Chitsulo chake ncholemera, madzi ndi oyilo ndi ambiri. Injini ikakhala yozizira oyilo amakhala wolimba, zitsulo zimakokana, mafuta sapsa bwino, ndiye inu mukufika pa geti la kuntchito injini itangoyamba kumene kudzuka, nkuizimitsa. Madzulo muyambirenso. Sabata yonse galimoto ikuyenda mu nthawi yake yoipitsitsa. Pamwamba pa izo trafiki, injini ngati yanuyo ikangolira poima imamwa theka la lita kufika lita pa ola, makamaka AC ikakhala yoyatsa, makilomita ziro.

Tsopano singano ija. Pa makilomita 6 mwina singafike pakati ngakhale zonse zili bwino, koma yesani izi: yendani mphindi 20 pamsewu wopanda trafiki. Ikakanabe kufika pakati, kapena ikafika nkumatsikanso mukamatsetsereka kapena mukakweza spidi, ine ndikuloza chala thermostat. Ntchito yake ndi kutsekera madzi asapite ku redieta mpaka injini itafika cha mma madigiri 85 kapena 90. Ikakalamba imakonda kufa ili yotsegula, madzi nkumazizira nthawi yonse, kompyuta ya galimoto nkumaganiza kuti kukadali mmawa. Mukhoza kuyesa nokha: lizani injini ili yozizira, gwirani paipi yaikulu yapamwamba yopita ku redieta, samalani fani ndi malamba. Ikuyenera kukhala yozizira kwa kanthawi kenako nkutentha mwadzidzidzi. Ikamafunda pang'onopang'ono kuyambira pachiyambi, thermostat yatseguka. Ndipo pali amakaniko ena amaichotseratu dala ati kuopa kuwira kwa injini, ndiye pa galimoto yogula kwa munthu musadabwe mutatsegula nkupeza mulibe kanthu. Ndi kachipangizo kakang'ono, mtengo wake sungafanane ngakhale ndi injector imodzi.

Fani yolira mutazimitsa ndiye nkhani ina, koma ndi pachibale. Galimoto za dizilo za msika wa ku Ulaya kuyambira malamulo a Euro 5, cha mma 2009, pafupifupi zonse zili ndi DPF, fyuluta ya mu ekisozi yogwira mwaye. Ikadzadza imayenera kuwotcha mwayewo, ndipo kuti upse pamafunika kutentha kwa madigiri pafupifupi 600. Pa ulendo wautali zina zimachitika zokha, koma mu tauni kompyuta imachita kuthira dizilo wowonjezera kumapeto kwa sitiroko kuti akapsere mu ekisozi. Dizilo ameneyo sakankha galimoto ngakhale pang'ono, ndi nkhuni chabe. Ntchitoyi imafuna mphindi 10 kufika 20, ndiye ikayamba muli pa kilomita yachinayi, inu nkufika nkuzimitsa, imadukira panjira, fani nkutsala ikulira kuziziritsa zinthu, mwinanso mumamva kafungo kotentha ngati chinachake chikupserera. Mawa iyambirenso. Mkuja iyambirenso. Chinthu choyenera kuchitika kamodzi pa makilomita mazana angapo chikumachitika kawirikawiri, mafuta akupita. Nde magalimoto ambiri sayamba nkomwe kuwotchako madzi asanatenthe mokwanira, mwaona mmene thermostat yakufa ikulowereramo? Ziwirizi zimadyetsana.

Chonde mawa mmawa solani dipstick, kachitsulo koyezera oyilo kaja. Oyilo akakhala kuti wakwera kupitirira pa max pomwe inu simunathire, kapena akununkha dizilo, ndiye kuti dizilo wowonjezera uja wakhala akutsikira mu sampu. Musayendenso naye, sinthani oyilo, chifukwa oyilo wosungunuka chonchi amadya ma bearing ndi turbo. Ndipo thirani wa phulusa lochepa, pa botolo pamalembedwa ACEA C2 kapena C3 kapena momwe buku la galimotoyo lanenera, oyilo wamba amatseka DPF ndi phulusa lomwe silipsa. Dizilo wa sulfure wambiri nayenso ndi mdani wake. Mukazindikira kuti ikuwotcha, mwachitsanzo ma rev poima akwera kuchoka cha mma 800 kufika cha mma 1,000, musazimitse, zungulirani kaye mphindi zingapo imalize. Kamodzi pa sabata kapena masabata awiri muitulutse, mphindi 30 pa spidi yokhazikika ma rev ali cha mma 2,000 kapena kuposa.

Wina akuuzani kuti ingochotsani DPF yo. Ine ayi. Mmayiko ambiri ndi mlandu, ku UK kuyambira 2014 galimoto yochotsedwa DPF imalephera MOT, mayeso a chaka ndi chaka oona ngati galimoto ili yoyenera pamsewu, koma ngakhale kulibe wokugwirani, mwaye umenewo ukupita mmapapo a ana oyenda mmbali mwa msewu ndi anu omwe. Mu 2012 nthambi ya WHO yofufuza za khansa inaika utsi wa dizilo mgulu la zinthu zoyambitsa khansa. Komanso akachotsa amayenera kusewera ndi pulogalamu ya kompyuta, ndipo akalakwitsa mavuto ake simungawatsatenso.

Za ma injector, sindikunena kuti safa, pa 140,000 akhoza kutopa ndithu. Koma injector yodwala imadziulula: kuvuta kulira mmawa, injini kunjenjemera poima, kugogoda, utsi woyera kapena fungo la dizilo wosapsa. Inu simunatchulepo chilichonse mwa izi. Ndipo amayesedwa. Pali leak-off test, amalumikiza timabotolo tinayi nkuona mafuta obwerera kuchoka pa injector iliyonse, yomwe yadzadza msanga kuposa zinzake ndi yomwe yatha. Pa makina a diagnosis amaonanso ma correction, kutanthauza mafuta omwe kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa pa silinda iliyonse. Makaniko wonena kuti tisinthe onse anayi asanachite izi akungolota, ndipo akulota ndi ndalama zanu. Apa ndichenjeze, musamasule mapaipi a common rail, opititsa dizilo ku ma injector, injini ikulira, muli presha ya ma bar 1,600 mpaka 2,000, dizilo wake amaboola khungu.

Ineyo zinandichitikirapo, osati pa ma injector koma uchitsiru wake womwewo. Galimoto inayamba kumwa, ndinasintha sensa ya MAF yoyeza mpweya wolowa mu injini, ndinatsukitsa EGR, valavu yobwezera utsi wina mu injini, fyuluta ya mpweya yatsopano, palibe chinasintha. Tsiku lina nditaima ndinangodutsa pafupi ndi tayala lakumbuyo nkumva kutentha pa mwendo. Caliper, chitsulo chofinya mabuleki, inali itagwira, miyezi iwiri ndikuyenda ndi buleki. Ndiye mukayenda makilomita angapo osaponda mabuleki kwambiri, yandikitsani dzanja pa limu lililonse, osagwira, lomwe latentha kuposa anzake lili ndi nkhani. Pomwepo onani mpweya wa mmatayala ali ozizira, nambala yake ili pa chitseko cha dalaivala, onaninso ngati akudyeka mbali imodzi. Ngati mwini wakale anaika matayala akuluakulu, amalemera komanso mita imawerenga makilomita ochepa kuposa omwe mwayendadi, ndiye masamu anu amaoneka oipa kuposa mmene zilili. Paipi ya intercooler, choziziritsa mpweya wochokera ku turbo, ikang'ambika nayonso imamwetsa mafuta, mumamva kafwiii mukaponda ndipo pamalopo pamakhala mafutamafuta. EGR yomata ndi mwaye pa galimoto yoyenda maulendo afupiafupi siidabwitsa, koma ionedwe pa makina kaye.

Phazi lanu nalo. Dizilo ya turbo mphamvu yake ili pakati pa ma rev 1,500 ndi 2,500, kuikokera ku 4,000 ndi phokoso chabe, koma kuikakamiza giya yapamwamba pa 1,100 ikunjenjemera nakonso ndi kupanga mwaye. Pamsewu wautali mphepo ndi imene imadya: kuchoka pa 100 kupita pa 120 kukankha kwa mphepo kumakwera ndi 44 peresenti. Keriyala ya padenga ngati simukuigwiritsa ntchito itsitseni. Ndipo zoliza injini mphindi 10 mmawa kuti itenthe zisiyeni, dizilo poima imachedwa kwambiri kutentha, lizani, dikirani masekondi ochepa, nyamukani mofatsa.

Kugulitsa? Konzani kaye thermostat ngati yapezeka yakufa, sinthani oyilo, ipatseni ulendo wautali imalize kuwotcha, kenako yezani. Ndikuganiza mukwera kufika 13 mu tauni, mwina 16 kunja. Koma ndisakunamizeni, ngati moyo wanu ndi makilomita 6 mmawa 6 madzulo chaka chonse, DPF izikuvutitsanibe, ndipo kagalimoto kakang'ono ka petulo kapena hybrid kangakuchitireni bwino kuposa iyi. Ngati mumatuluka ulendo wautali kawiri katatu pamwezi, isungeni.

Mundilemberenso mukamaliza mathanki atatu aja, mundiuze makilomita, malita, pomwe singano yaima patatha mphindi 20, ndi zomwe mwapeza pa dipstick.