Zilonda zinapola, nanga ululu ukuchokera kuti?

Mayi wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia, wanditumizira imelo yokhudza amayi ake amene anadwala mashingozi chaka chatha. Matuza anauma kalekale, panthiti patsala zipsera zokha, koma mpaka lero amadandaula kuti pakuwotcha ngati moto, ndipo chitenje chikangokhudzapo amadzidzimuka. Achibale ena ayamba kunena kuti akunamizira. Funso lake n'lakuti: kodi munthu angamve ululu popanda chilonda?

Achemwali, angamve ndithu, ndipo zimandikhudza kwambiri munthu wodwala akamakayikiridwa.

Uthenga wa ululu umachoka pakhungu, n'kudutsa mumtsempha waukulu wa mumsana mpaka kukafika ku ubongo. Maselo onyamula uthengawu amapatsirana pa timipata ting'onoting'ono totchedwa synapse, pomwe selo imodzi imatulutsa kemikolo yonyamula uthenga yotchedwa glutamate ndipo inzake imalandira. Uthenga ukamabwera mwamphamvu komanso mobwerezabwereza, tizitseko ta pa selo yolandirayo totchedwa NMDA, timene nthawi zambiri timakhala totsekedwa ndi mchere wa m'thupi wotchedwa magnesium, timatseguka, mchere wina wotchedwa calcium umalowa, ndipo selo yolandirayo imawonjezera malo olandirira uthenga. Kuyambira pamenepo, kukhudza pang'ono chabe kumamveka ngati kubaya. Zili ngati kanjira ka kudimba: poyamba mumachita kupatula udzu, koma mukapondapo nyengo yonse kamasanduka ngalande, moti ngakhale mvula yowaza imatsata momwemo.

Kulimba kotereku kwa synapse kunaonedwa koyamba ndi wasayansi Terje Lømo ku Oslo, m'dziko la Norway, mu 1966, mu ubongo wa akalulu, ndipo akatswiri amakuona ngati maziko a kuphunzira ndi kukumbukira. Mu 1983 wasayansi wina, Clifford Woolf, ku London anasonyeza pa makoswe kuti maselo a mumsana nawonso amasintha pambuyo pa kuvulala, n'kuyamba kukokomeza ululu. Kwa amayi anu, kachilombo ka mashingozi kanawononga mtsempha, mtsemphawo ukupitiriza kutumiza uthenga wolakwika, ndipo msana ndi ubongo zinazolowera kuulandira mokweza.

Ululu ukapitirira miyezi itatu, achipatala amautenga ngati nthenda payokha. Panado sathandiza kwenikweni pa ululu wa mtunduwu. Pitani nawo kuchipatala, mukafotokoze bwino za kuwotchako ndi za chitenje chija, chifukwa mawu amenewo ndi amene amatsogolera dokotala ku mankhwala okhazika mitsempha pansi monga amitriptyline. Mankhwalawa amayambira pa mlingo wochepa, usiku, amabweretsa tulo ndi kuuma kukamwa, ndipo pamatenga milungu ingapo kuti kusintha kuoneke, choncho asawasiye msanga osauza adokotala.