Kukulitsa tebulo lozungulira popanda kulidula

Mayi wina wanditumizira imelo yonena za tebulo lake lodyera, lozungulira, la matabwa, lomwe m'mimba mwake ndi masentimita 120 ndipo lili ndi mwendo umodzi pakati. Amayembekezera alendo kangapo pa chaka ndipo akufuna kuti pazikhala anthu asanu ndi atatu. Kalipentala wamuuza kuti alidule pakati n'kuikapo thabwa lowonjezera, ndiye akufunsa ngati avomere.

Mayi, langizo langa ndi lakuti musafulumire kulola kuti macheka akhudze tebulolo. Tiyambe ndi masamu. Munthu mmodzi amafunika masentimita pafupifupi 60 m'mphepete mwa tebulo kuti adye popanda kugundana zigongono ndi mnzake. Mukachulukitsa 120 ndi 3.14 mupeza masentimita pafupifupi 377, omwe ndi malo a anthu asanu ndi mmodzi, ngakhale kuti anthuwo amakhala mopanikizana chifukwa mawondo awo onse amakumana pakati.

Njira ya kalipentala wanu ndi yodziwika ndipo imagwira ntchito. Tebulo limadulidwa, pansi pake amamangapo njanji zoti zigawo ziwirizo zizitsetserekapo, ndipo thabwa la masentimita 60 likalowa pakati anthu awiri amapeza malo. Vuto lili pa mwendo umodziwo. Unapangidwa kuti unyamule tebulo lozungulira, choncho likatalika, mlendo mmodzi akangotsamira kumapeto pamene akuimirira, mbale zonse zikhoza kutsetserekera kwa iye. Komanso thabwa latsopano silifanana mtundu ndi lakale ngakhale mupake vanishi yemweyo, popeza matabwa amasintha mtundu akamaombedwa ndi kuwala kwa zaka zambiri. Mukasankhabe kudula, kalipentala adule motsatira mizere yachilengedwe ya thabwa, ndipo mizere ya thabwa lowonjezeralo iyang'ane komweko, chifukwa matabwa amafufuma m'lifupi kukakhala chinyezi, pomwe m'litali sasintha kwenikweni.

Kwa munthu amene amalandira alendo mwa apo ndi apo, chanzeru ndi kupangitsa thabwa lalikulu lozungulira loika pamwamba pa tebulo lomwelo, lomwe mungalichotse alendo akapita. Plywood yokhuthala mamilimita 18 ndi yokwanira. Nthawi zambiri imabwera ya masentimita 122 m'lifupi ndi 244 m'litali, kotero kuti bwalo la masentimita 150 silingatuluke lathunthu, koma zigawo zake ziwiri zimakwana pa plywood imodzi ngati kalipentala wazijambula mopingasana, mbali yowongoka ya chigawo china kumtunda, ya chinzake kumunsi. Zigawozo amazilumikiza ndi hinji yaitali, zomwe zimathandizanso posunga chifukwa thabwalo limapindika pakati. Bwalo lotere limapereka masentimita 471 m'mphepete. Anthu asanu ndi awiri akhala momasuka, ndipo wachisanu ndi chitatu alowa ngati mipando ilibe zotsamirapo manja.

Chofunika kwambiri chili kunsi kwa thabwalo, kumene alendo saona. Kalipentala aligadabuze, aikepo tebulo chafufumimba pakatikati penipeni, alembe mzere mozungulira ndi pensulo, kenako amange timatabwa tinayi kapena tisanu ndi kamodzi kunja kwa mzerewo. Timatabwati timagwira m'mphepete mwa tebulo kuti thabwa lisasunthe, ndipo tikakhala ndi kamlomo kolowa pansi pa tebulo timaletsanso kuti lisatukuke wina akatsamira. Pakati pa tebulo ndi thabwa muziyala nsalu yochindikala kuti vanishi asakalike, ndipo pamwamba nsalu ya patebulo ibisa mzere wa hinji.

Musakopeke kupitirira masentimita 150. Pa kukula kumeneku thabwa latuluka kale masentimita 15 mbali zonse, ndipo pa mwendo umodzi sindingalimbe mtima kuwonjezerapo. Alendo asanafike, ikani thabwalo pa tebulo n'kukanikiza ndi manja awiri m'mphepete mozungulira monse. Tebulo likayamba kupendekeka, phazi la mwendowo liyenera kukulitsidwa kapena kulemeretsedwa musanaikepo chakudya chotentha.