Index ikukwera, nanga masheya anga agoneranji?

Wina wandilembera imelo kufunsa ngati zizindikiro za market breadth, zoonetsa ngati masheya ambiri akukwera limodzi kapena ndi ochepa chabe, n'zothandizadi, poti S&P 500, index (muyeso wa mitengo ya masheya) ya makampani 500 akuluakulu a ku America, ikukwera koma masheya ake ali gone. Achimwene, mwandikhudza pachilonda.

Mu 2021 ndinali ndi timasheya ta timakampani ta tekinoloje ta ku America, ndalama yake yochokera ku ntchito ya usiku kuno ku Johannesburg. Kuyambira February timasheyato tinayamba kutsika, pomwe index ya Nasdaq, yodzaza ndi makampani a tekinoloje, inkangokwera mpaka November. Ine n'kumayang'ana index, n'kumadzitonthoza kuti zanga zitsatira. Mayi akunyumba akafunsa za malata a nyumba ya ku Ntcheu, yankho langa linali lakuti dikirani, msika uli bwino. Msika wake uti? Ankaubereka kumsana ndi Apple, Microsoft ndi anzawo ochepa, chifukwa kampani ikakula imalemeranso pa kawerengedwe ka index. Ndinaona nkhokwe ya amfumu yadzaza, ndiye ndinalengeza kuti mudzi wonse wakolola. Pamene S&P 500 inkagwa ndi 19 peresenti mu 2022, zanga zinali zitafa kalekale. Malata aja mvula ina inatipeza tisanagule.

Komabe amandinyansa anthu a pa YouTube amene amagulitsa breadth ngati ula. Advance-decline line, yomwe imangowerenga masheya okwera kuchotsapo otsika tsiku lililonse, inafika pachimake ku New York mu April 1998, koma msika unapitirira kukwera mpaka March 2000. Wogulitsa nthawi yomweyo anakhala pafupifupi zaka ziwiri akuonerera anzake akudya. Mu 2023 makampani asanu ndi awiri okha ndiwo ankakoka ngolo, S&P 500 n'kukwerabe ndi 24 peresenti. Ndipo musavutike kujambula mzere wotere pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre. Makampani sakwana 20, ndipo ena amatha masiku popanda wogula.

Nanga muchite chiyani?

Kamodzi pa sabata onani kuti mwa makampani 500 aja ndi angati ali pamwamba pa 200-day moving average, kutanthauza kuti mtengo wa sheya yawo waposa avareji ya mtengo wake pa masiku 200 apitawa. Chiwerengerocho chikamatsika index ikukwera, musagulitse zonse ayi, ingosiyani kugula ndi ndalama yangongole, ndipo chepetsani timakampani tofooka.