Muyambire pansi, osati pathanthwe

Achimwene, mwafunsa ngati ana a sikauti a zaka 11 mpaka 14 angayambe kukwera matanthwe ndi kutsika pachingwe tsiku loyamba lomwelo. Kukwera angathe, koma kutsika ndikanakonda mudikire kaye.

Aliyense ayambe waphunzira kuvala harness (lamba wa m'chiuno ndi m'ntchafu womangirirapo chingwe) ndi chipewa cholimba, komanso kumanga mfundo ya figure-eight (yooneka ngati nambala 8) mpaka manja azolowere. Kenako awiriawiri aziyang'anana: lamba wamangidwa bwino? Carabiner (ngowe yachitsulo yokolowekera chingwe) yatsekedwa? Ana amachigwira msanga chizolowezi chimenechi mukachiyamba molawirira.

Pokwera, chingwe chidutse pa nangula wa pamwamba (pokolowekapo chingwe pomangidwa molimba pathanthwe), wogwira chingwe ali pansi, kuti mwana akaterereka asagwe patali. Ngati wogwirayo ndi mwana mnzake, wamkulu aime kumbuyo kwake atagwiranso chingwe chomwecho.

Kutsika ndi kumene kumandidetsa nkhawa, chifukwa thupi lonse limadalira zida zokha, ndipo mwana akagwidwa ndi mantha amatha kutaya chingwe kuti agwire thanthwe. Yesererani pamalo otsetsereka pang'ono, aphunzire kutsamira kumbuyo atatangadza miyendo, dzanja la buleki (logwira chingwe kuti asatsike mothamanga) osalichotsa pachingwe. Pathanthwe lenileni mum'mangirirenso chingwe chachiwiri chimene mlangizi akuchigwira pamwamba, ndipo kumapeto kwa chingwe chotsikira kukhale mfundo. Tsitsi lalitali limangidwe, malaya apisidwe, kuti zisakodwe m'chida chotsikira.

Mwana akakana, chonde musamukakamize pamaso pa anzake. Ambiri amadzapempha okha akaona ena atsika bwino. Nangula azimanga munthu amene anaphunzira ntchitoyi, osati mtsogoleri amene wangoonera mavidiyo.