Za hatchi yoyera ya ku Uffington ija

Achemwali, mwafunsa ngati n'kwanzeru kunyamula ana kuchoka ku Swindon kukaona hatchi yoyera ya ku Uffington, ku England, pa holideyi. Pitani ndithu, ndi pafupi. Koma ndikutsineni khutu kuti musakagwe mphwayi ngati ine ulendo woyamba: mukafika pomwepo, hatchiyo simuiona.

Si chiboliboli choimirira ayi. Anthu akale anakumba ngalande m'mbali mwa phiri n'kuthiramo choko choswaswa, ndiye chinyamacho chinachita kugona pansi, kutalika kwake pafupifupi mamita 110. Ukaima kumutu kwake umangoona mizere yoyera yokhotakhota mu udzu, ndi kadontho kamene amati ndi diso. Wanga wamng'ono anayang'ana uku ndi uku n'kufunsa kuti, "Adadi, yathawa?" Choncho muyambe mwaimika galimoto kumunsi m'chigwa, chapatali ndithu, ana aione yonse ili chithamangire, kenako mukwere.

Chimene chinandigwira mtima ine ndi china. Akatswiri atayeza dothi la pansi pake m'zaka za m'ma 1990 anapeza kuti ili ndi zaka pafupifupi 3,000. Tsono choko chija ukachilekerera, udzu suchedwa kuchimeza. Ndiye kuti mibadwo yonseyi sipanasowe anthu okwera phirilo kukaipalira, ngakhale aliyense anaiwala kalekale amene anaijambula ndi chimene ankafuna. Mpaka lero a National Trust, bungwe losamalira malowa, amaitana anthu ongodzipereka nyengo yotentha. Ine ndinawapeza atagwada, ndowa za choko pambali, akusinja ndi hamala kuti chilowerere, nkhope zili mbuu ngati achokera kuchigayo. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anaikwirira dala kuti oyendetsa ndege za Germany asamadziwire njira pamenepo.

Ana adzakonda kwambiri Dragon Hill, kachitunda kosalala pamwamba kamene kali m'munsi mwake. Nthano yake imati George Woyera anapherapo chinjoka, ndipo pomwe panagwera magazi sipamera udzu. Dazi lake lilipodi, akaliona okha. Pamwamba pa phiri pali malinga adothi a Uffington Castle, pabwino pothamangathamanga. Miyendo ikalola, tsatani njira ya Ridgeway makilomita awiri kukafika ku Wayland's Smithy, manda amiyala akale kuposa hatchiyo.

Mutenge majekete ngakhale dzuwa liwale bwanji, chifukwa paphiripo ndiye pamwamba kuposa pena paliponse m'chigawo cha Oxfordshire ndipo mphepo yake siseka. Nsapato zoyera zisiyeni kunyumba, nkhosa zimadya momwemo ndipo zimasiya zawo paliponse. Kuona n'kwaulere, mumangolipira poimika galimoto. Kamba munyamuliretu, kuchimbudzinso mudzereretu panjira. Ndipo anawo muwagwire dzanja akafika pa choko, saloleza kupondapo.