Kodi bungwe la eni mafakitale limapindulitsa chiyani mliri ukagwa?

FUNSO: Akonzi, ndili ndi fakitale yaing'ono yopanga makatoni, ndipo ndinalemba ntchito anthu osapitirira 30. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikulipira ndalama ya umembala ku bungwe la eni mafakitale la m'chigawo chathu. Mliri wa COVID-19 utavuta, fakitale yanga inatsekedwa kwa milungu ingapo pamene makampani akuluakulu ankapitiriza ntchito, ndipo thandizo limene boma linalengeza sindinalione n'komwe. Tsopano kalata yondikumbutsa za ndalama ya chaka chino yafika. Kodi mabungwe amenewa amachita chiyani kwenikweni nthawi ya mliri, kapena tikungonenepetsa anthu a mu ofesi? Ndine wanu, mwini fakitale wokhumudwa.

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. Kudandaula kwanu n'komveka, koma musanang'ambe kalatayo ndi bwino muone kaye momwe nkhani zimenezi zinkayendera m'mwezi wa Malichi 2020, chifukwa m'milungu iwiri kapena itatu yokha ndi mmene zinadziwika kuti fakitale iti ipulumuka ndipo iti igwa.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO litalengeza pa 11 Malichi 2020 kuti matendawa ndi mliri wa dziko lonse, maboma ambiri anayamba kulemba mndandanda wa ntchito zofunikira kwambiri zimene zipitirire pa nthawi ya m'bindikiro. Mndandandawo unkalembedwa mothamanga, usiku ndi usana, ndi akuluakulu a boma amene ambiri mwa iwo sanapondepo m'fakitale. Munthu wotere amakumbukira msanga mankhwala, chakudya ndi magetsi, koma sakumbukira kuti mankhwalawo sangachoke pamalo opangira popanda katoni yoikamo, ndiponso kuti katoniyo imafuna mapepala, guluu ndi inki zochokera ku mafakitale ena. Ku Italy, lamulo la pa 22 Malichi lotseka mafakitale linatchula ntchito zololedwa pogwiritsa ntchito manambala a mitundu ya bizinesi, moti tsogolo la fakitale linadalira nambala imene inalembetsedwa nayo. Munalinso kachiganizo kololeza kampani yosatchulidwa kupitiriza ntchito ngati yadziwitsa woyimira boma m'dera lake kuti ikupereka katundu kwa makampani ololedwawo. Kachiganizo kotere ndi kamene bungwe la eni mafakitale limalimbanirana ndi boma, ndipo ndi udindo wake kukafikitsa kwa mamembala tsiku lomwelo, chifukwa mwini fakitale ngati inu alibe loya woti awerenge chikalata cha boma pakati pa usiku.

Nkhani yachiwiri inali malipiro. Ku Britain, nduna ya zachuma pa nthawiyo, Rishi Sunak, inalengeza pa 20 Malichi kuti boma lilipira 80 peresenti ya malipiro a antchito oimitsidwa kaye ntchito, mpaka mapaundi 2,500 pa mwezi, ndipo ndondomekoyo inatuluka atakambirana ndi bungwe la olemba anthu ntchito la CBI pamodzi ndi la antchito la TUC. Panalinso vuto la m'malire: mathiraki atandanda makilomita makumi angapo pakati pa Germany ndi Poland, mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya unalangiza pa 23 Malichi kuti pakhale njira zapadera za katundu zodutsika m'mphindi zosapitirira 15. Palibe fakitale imodzi imene ikanatha kusuntha zinthu zotere payokha.

Koma chitsanzo chimene chikufanana kwambiri ndi nkhani yanu ndi cha ku Bangladesh. Masitolo akuluakulu a ku Ulaya ndi ku America atayamba kuthetsa maoda a zovala, bungwe la osoka zovala zotumiza kunja la BGMEA, lomwe pa nthawiyo linkatsogozedwa ndi mayi Rubana Huq, linayamba kusonkhanitsa kwa mamembala ake chiwerengero cha maoda othetsedwa n'kumachilengeza poyera, mpaka chinafika pafupifupi madola 3 biliyoni. Chiwerengerocho chinamveka m'manyuzipepala a dziko lonse ndipo masitolo ena anachita manyazi n'kulipira katundu amene anaitanitsa. Pa 25 Malichi boma linalengeza ngongole ya mataka (ndalama ya ku Bangladesh) 50 biliyoni yolipirira antchito. Komabe ndalamazo zinali za mafakitale amene amatumiza okha kunja gawo lalikulu la katundu wawo, kotero timafakitale tambiri tosokera makampani akuluakulu mwa kontirakiti tinatsala padzuwa. Apa pali mbali ziwiri, ndipo zonse n'zoona: bungwe linapambana chifukwa linali ndi manambala m'manja, koma amene manambala awo sanali m'kaundula sanawerengedwe pogawa.

N'chifukwa chake ndikufunsani, osati mokuimbani mlandu, ngati bungwe lanu linkadziwa kuti makatoni anu amapita kwa yani, kuti muli ndi antchito angati, ndiponso kuti zipangizo zanu zingakufikitseni milungu ingati malire atatsekedwa. Makampani akuluakulu ali ndi munthu amene ntchito yake ndi kuyankha mafunso oterewa ndi kukhala pa misonkhano ya komiti, pamene mwini fakitale yaing'ono amakhala yekha pa makina, pa mabuku a ndalama ndi pa foni, ndipo fomu ya kafukufuku ikabwera imangogona pa tebulo. Mapeto ake mlembi wa bungwe akapita ku unduna amanyamula madandaulo a amene anamuuza. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Izi sizikuchotsa udindo pa bungwelo, chifukwa bungwe lodziwa ntchito yake limaimbira foni mamembala ang'onoang'ono m'malo modikira kuti abwere okha, makamaka amene ali kutali ndi likulu kumene mfundo zimamangidwa.

Ndionjezerepo mfundo imene eni mafakitale sakonda kuimva. Kuyankhulira mamembala sikutanthauza kuumirira kuti zipata zikhale zotsekula zivute zitani. Kumapeto kwa Febuluwale 2020, bungwe la eni mafakitale la ku Bergamo, kumpoto kwa Italy, linatulutsa kanema wotsimikizira ogula akunja kuti ntchito ikuyenda bwino, ndipo patangopita milungu itatu magalimoto a asilikali ankatulutsa maliro mumzindawo chifukwa malo otenthera mitembo anadzaza. Kanemayo anadzudzulidwa kwambiri. M'dziko lomwelo, pa 14 Malichi, olemba ntchito ndi mabungwe a antchito anasainirana mgwirizano wa njira zodzitetezera pamalo a ntchito, wokhudza kutalikirana, kuyeza kutentha kwa thupi pachipata ndi kusinthana mashifiti, ndipo mgwirizano umenewo ndi umene unakhala maziko otsekuliranso mafakitale. Kwa ine ntchito ngati ya mgwirizanowu ndi imene imayenera ndalama ya umembala.

Choncho musanalipire, lembani kalata kwa mlembi wamkulu wa bungwe lanu yopempha kuti akuonetseni zikalata zimene anatumiza ku boma m'chaka cha 2020, ndipo muone ngati opanga zoikiramo katundu anatchulidwamo. Funsaninso kuti pa mipando ya komiti yaikulu ndi ingati imene ili m'manja mwa makampani a msinkhu wanu, komanso ngati mavoti amawerengedwa pa kampani iliyonse kapena malinga ndi kukula kwa ndalama imene yalipira. Akakuyankhani momveka, lipirani ndipo mupemphe mpando mu komiti. Akakhala chete, pezani anzanu asanu kapena khumi a mafakitale ang'onoang'ono, mukafunse mafunso omwewo pa msonkhano waukulu wa pachaka, pamene mayankho ake amalembedwa m'mabuku.